Ana tizingowatulutsa panja nthawi ya mapemphero mpaka liti?

MayiWaChitakale:
Abale anga mwa Ambuye ndithandizeni maganizo. Ndimaphunzitsa Sande Sukulu pa tchalitchi china chaching'ono cha CCAP kuno ku Mulanje. Ana amabwera mmamawa, timaphunzira pansi pa mtengo wa mango poti holo tilibe, ndiye mapemphero aakulu akamayamba timawabalalitsa, ena amapita kwawo ena amangozungulira panja kudikira makolo ndipo akangosuzumira pakhomo madikoni amawathamangitsa ati akusokosa. Chikundiwawa nchoti mwana amafika msinkhu wolowa kalasi yokonzekera kukhala mkhristu wa mgonero asanakhalepo mu sevisi mpaka pa mdalitso, nyimbo za m'buku sazidziwa, ndiye akangofika fomu 1 basi sitimuonanso. Kwanuko mumatani? Ndikufuna nkhaniyi ndikaitule kwa akulu ampingo.

MchimweneWaMakwasa:
Mayi zikomo pofunsa. Ine ndine wa Seventh Day kuno kufupi ndi Malamulo, mishoni yathu ija inayamba 1902. Kwathu ana sitiwatulutsa, Sabata Sukulu amakhala ndi makalasi awo inde koma ikatha amalowa kukakhala ndi makolo. Ulaliki usanayambe amaitanidwa kutsogolo nkuwafotokozera kankhani kawo kakafupi, ndipo muziona akuluakulu nawonso amatchera khutu kuposa pa ulaliki weniweniwo. Tili ndi magulu a ana, ma Adventurer a zaka 4 mpaka 9 komanso ma Pathfinder a zaka 10 mpaka 15, awa timawapatsa zochita, kutolera chopereka, kutsogolera nyimbo, kulandira alendo pakhomo. Phokoso limakhalapo sindikunamizani koma amazolowera.

MkuluWaMpingoLimbuli:
Amayi nkhawa yanu ndaimva ndipo Marko 10:14, pomwe Yesu akuti lolani ana adze kwa Ine, tonse timaidziwa, koma tisawaweruze msanga madikoni. Taganizani sevisi yathu mmene imatalikira, zolengeza zokha zimadya nthawi, makwaya onse akufuna aimbe, amayi a Mvano nawonso, kukakhala pepa sande ndiye timatuluka dzuwa litapendeka. Mwana wa zaka 4 amene mwina wachoka kunyumba osamwa ndi phala lomwe mukufuna akhale phee nthawi yonseyo pa benchi? Ndipo amayi ake akhala akuthyola tiyi ku esiteti sabata yonse, tsiku lomvera Mawu ndi lomwelo, asamavutikenso ndi kutonthoza ana atatu. Ine ndimati tiyambe takonza kutalika kwa mapemphero. Ana alowe poyamba, aimbe nafe, amve Mawu akuwerengedwa, abusa awapempherere kenako atuluke ndi aphunzitsi awo ulaliki usanayambe. Koma a sitandade 6 kupita mmwamba atsale, amenewo si makanda.

NamaseWaLuchenza:
Ife Akatolika tili ndi Tilitonse, gulu lophunzitsa ana za chikhristu, komanso pa Misa pali otumikira ku guwa ndi atsikana ovina aja, ndiye mwana amakula akudziwa kuti malo ake alipo. Koma ndikuchenjezeni chinthu chimodzi chomwe chimandipweteka ndipo ndachiona m'mipingo yosiyanasiyana. Mukangoti ana azitenga mbali, osankhidwa amakhala omweomwewo, mwana wa aphunzitsi, wa anesi, wa akalaliki a ku esiteti, chifukwa ali ndi nsapato ndi diresi yoyera komanso amawerenga mosadodoma. Mwana wa mayi wothyola tiyi wabwera ndi patapata amangokhala kumbuyo kumaonerera anzake chaka ndi chaka, ndipo amazindikira msanga kuti kutsogoloko si kwa anthu ngati iye. Ameneyo ndi amene mudzamutaye poyamba. Lembani maina onse azisinthana, yunifolomu ikhale ya mpingo yobwerekana osati yogula makolo. Wovutika kuwerenga mupatseni vesi limodzi sabata yathunthu aloweze, kapena ayambitse kolasi, ena ali ndi mawu okoma zedi ndipo akaimba ya Chilomwe agogo onse amadzuka okha pa mkeka. Ndipo chonde mwana akalakwitsa kuwerenga anthu asaseke, abusa alankhulepo zimenezi poyambirira.

MayiWaChitakale:
Zikomo nonse Ambuye akudalitseni. Bambo mkulu wa mpingo, maganizo anu oti alowe poyamba nkutuluka ulaliki usanayambe ndi omwe ndikuona kuti seshoni, bwalo la akulu ampingo, ingavomere mosavuta, ngakhale ine mtima wanga ukufuna tsiku lina azidzakhala mpaka pamapeto. Achemwali a ku Luchenza mwandikhudza, ana ambiri a kalasi langa ndi a makolo ogwira ku tiyi ndipo sindilola kuti atsalire kumbuyo. Ndiyamba ndi kaundula wa maina Lamulungu likudzali. Achimwene a ku Makwasa tandiuzani, kankhani ka ana kaja amakonza ndi abusa kapena mumasinthana aphunzitsi?