Sync kapena async pakati pa malo awiri: titenge iti?

woyang'anira_maseva analemba:

Moni nonse akuluakulu. Ndikupempha nzeru. Tili ndi array (makina a ma disiki ambiri) imodzi yosunga deta pafupifupi 40 TB, momwe muli ma VM (makompyuta a pulogalamu chabe, oyendera mkati mwa seva) a VMware ndi database ya PostgreSQL. Malo achiwiri ali pa mtunda wa makilomita 180, ulalo wake ndi wa 500 Mbps, ndipo ping (nthawi imene uthenga umatenga kupita ndi kubwera) ikubwera 9 ms. Deta imene imasintha patsiku ndi pafupifupi 1.2 TB. Mabwana akufuna kuti malo oyamba akapsa kapena akazima, tisataye ngakhale transaction imodzi, ndipo ntchito ibwerere pasanathe ola limodzi. Kodi synchronous replication (sync, kukopera deta ku malo achiwiri nthawi yomweyo pamene ikulembedwa) ingatheke pa mtunda wotere? Nanga tikakhala ndi replication, backup ikufunikanso yanji?

mlonda_wa_deta anayankha:

Achimwene, yambani mwawerengera zimene 9 ms ija ikutanthauza. Mu sync, array siyiuza seva kuti zalembedwa mpaka malo achiwiri atavomereza, kotero write iliyonse idikira ulendo wopita ndi wobwera. Kuwala mu fiber kumayenda pafupifupi makilomita 200 pa milisekondi imodzi, ndiye makilomita 180 akanatenga 1.8 ms basi kupita ndi kubwera. Zotsalazo zikuchokera ku njira yozungulira ya amene akukupatsani ulalo ndi ma router a panjira. Afunseni ngati angakupatseni njira yachindunji, chifukwa opanga ambiri amafuna sync ikhale pansi pa 5 ms, monga stretched cluster ya vSAN (njira ya VMware yolumikiza maseva a malo awiri kukhala gulu limodzi).

Pa 9 ms, session imodzi imene ikuchita commit (kutsimikiza kuti transaction yalembedwa) motsatizana singapyole ma commit 110 pa sekondi, ngakhale ma disiki anu ndi a flash. Ntchito za usiku zimene zimalemba mzere umodzi umodzi ndi zimene zidzavutike kwambiri.

Ine ndingagawe deta pawiri. Ma VM onse apite pa async ya array (kukopera kosadikira kuti malo achiwiri avomereze), snapshot (chithunzi cha deta pa nthawiyo) mphindi 15 zilizonse. Database yokha muikopere ndi streaming replication ya PostgreSQL mwini wake, chifukwa WAL (log imene PostgreSQL imalembamo zosintha zonse) ndi yaying'ono poyerekeza ndi ma block onse a volume. Ngati mabwana aumirira RPO ya 0 (kusataya deta ngakhale pang'ono), yatsani synchronous_commit pa ma transaction a ndalama okha, ena asiyeni pa local. Koma dziwani kuti mukalemba standby (database yolandira kopi) imodzi yokha mu synchronous_standby_names, ulalo ukaduka ma commit onse aja aimirira kudikira. Pamafunika standby yachiwiri, kapena chisankho cholembedwa bwino cha amene ali ndi mphamvu yozimitsa sync pa nthawi ya vuto.

Ulalo wanu ukukwanira, koma mosatsala zambiri. 1.2 TB yogawidwa pa maola 24 ndi 111 Mbps, komabe deta sisintha mofanana tsiku lonse. Ngati 70 peresenti ikusintha m'maola 8 a ntchito, mukufunika 233 Mbps, ndipo apo simunawerenge WAL kapena ena ogwiritsa ntchito ulalo womwewo. Kukopera koyamba kwa 40 TB pa 500 Mbps kungatenge masiku oposa 7 ulalo utadzaziratu. Ngati array yachiwiri simunaitumize, ikopereni ili pafupi ndi inzake, kenako muinyamule, ikakafika itenge zosintha zokha.

ZFS_ndi_ine anayankha:

Ndiwonjezere pa funso lanu lachiwiri, chifukwa ndi limene limagwetsa anthu ambiri. Replication ili ngati kalilole: chilichonse chochitika kuno chimaoneka uko, chabwino ndi choipa chomwe. Wina akafufuta volume molakwitsa, kapena ransomware (pulogalamu ya akuba yofunira dipo) ikatseka mafayilo, pasanathe mphindi 15 malo achiwiri alandira zowonongekazo mokhulupirika. Mu 2017 pulogalamu yowononga ya NotPetya inafafaniza ma domain controller (maseva osunga maakaunti a ogwira ntchito) a kampani ya sitima zapamadzi ya Maersk amene ankakoperana okhaokha, ndipo anapulumukira pa imodzi ya ku Ghana imene inali yozima chifukwa magetsi anali atathima. Mu Malichi 2021 moto unatentha nyumba ya maseva ya SBG2 ya kampani ya OVHcloud ku Strasbourg, ndipo ena mwa makasitomala amene backup yawo inali pa malo omwewo anataya zonse.

Choncho sungani makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali. Limodzilo likhale losafufutika mpaka masiku ake atakwana, kaya ndi snapshot yokhomedwa, object lock kapena tepi ya LTO yochotsedwa mu library. Mawu achinsinsi a array yachiwiri asakhale mu Active Directory yomweyo, apo ayi wakuba akalowa kamodzi watenga makiyi a nyumba zonse ziwiri.

Chinanso, ma volume amene amagwira ntchito limodzi aikeni mu consistency group imodzi, kuti azitengedwa snapshot nthawi imodzi. Deta ikakhala pa volume ina ndipo ma log pa ina, iliyonse nkumatengedwa snapshot pa nthawi yake, kumalo achiwiri mupeza ma log ali patsogolo kapena pambuyo pa deta, database nkukana kudzuka. Onetsetsaninso malo a snapshot reserve. Ulalo ukaduka maola angapo, zosintha zimaunjikana pa array yoyamba, ikadzaza replication imasweka ndipo mumayambiranso kukopera zonse. Replication slot ya PostgreSQL imachita chimodzimodzi ndi WAL, ndiye ikani malire ndi max_slot_wal_keep_size.

woyang'anira_maseva anayankha:

Zikomo kwambiri nonse awiri. Nanga failover (kusamutsira ntchito kumalo achiwiri) tiisiye ichitike yokha, kapena munthu azichita kulamula?

mayi_netiweki anayankha:

Bambo, pa malo awiri okha musalole kuti ichitike yokha. Ulalo ukangoduka, mbali iliyonse imaganiza kuti inzake yafa, zonse ziwiri nkuyamba kulandira ma write. Imeneyo ndiye split-brain, ndipo kulumikizanso deta yosiyanayo ndi ntchito ya pamanja yowawa kwambiri. Failover yodzichitikira imafuna witness (makina ogamula mbali imene ipitirize ntchito) pa malo achitatu, yokhala ndi njira yakeyake yofikira malo onse awiri. Popanda witness, munthu alamule, ndipo choyamba atsimikize kuti malo oyamba atsekedwadi, ma port ake azimitsidwa, asanadzutse achiwiri.

Ola limodzi la RTO (nthawi yobwezeretsera ntchito) limathera pa zinthu zimene si storage. Dongosolo lodzutsira lilembedwe: netiweki ndi firewall, kenako NTP, DNS ndi domain controller, kenako seva ya makiyi, database, pomaliza ma application. Seva ya makiyi ndiitchule mwapadera. Ngati ma disiki kapena ma VM ali encrypted ndipo seva ya makiyi otsegulira (ya KMIP) ili mkati mwa ma VM omwewo, palibe chimene chidzatseguke. TTL ya DNS (nthawi imene makompyuta amakumbukira adiresi) itsitseni ifike masekondi 300 lero lino, chifukwa ikakhala 86400 makompyuta ena adzafunabe adiresi yakale tsiku lathunthu. Pepala la dongosololi likhalenso losindikizidwa kumalo achiwiri, popeza wiki imene ili pa array yakufa simungaiwerenge.

Pa ulalo, yesani ndi iperf3 musanakhulupirire 500 Mbps. TCP window (deta yotumizidwa yankho lisanabwere) ya 64 KB pa 9 ms imangopereka pafupifupi 58 Mbps, pamene mukufunika window yosachepera 560 KB. Mukayatsa jumbo frames (mapaketi akuluakulu), MTU (kukula kwa paketi) ya 9000 ikhale pa switch iliyonse panjira. Imodzi ikatsala pa 1500, ping yaying'ono imadutsa bwino koma replication imangoima. Yesani ndi ping -M do -s 8972.

Mayeso azichitika miyezi itatu iliyonse pogwiritsa ntchito ma clone mu VLAN yotsekedwa, replication yeniyeni isaime, ndipo wina wa ku dipatimenti ya ndalama alowe aone ngati transaction yomaliza ilipo. Kamodzi pachaka chitani failover yeniyeni limodzi ndi failback (kubwezera ntchito kumalo oyamba). Musanabwerere, tembenuzani njira ya replication kuti ichoke kumalo achiwiri kupita koyamba ndipo dikirani ithe, chifukwa mukangoyatsa njira yakale, array yoyamba idzalemba deta yake yakale pamwamba pa zonse zimene zagwiridwa pa nthawi ya vuto.