Kodi zimene timaphunzitsa ana m'kalasi zimatsala mwa iwo akakula?

Mphunzitsi wa kalasi, Area 25, Lilongwe

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndili ndi funso limene landisowetsa mtendere. Ndakhala ndikuphunzitsa kalasi ya Katekisma mumpingo wathu wa CCAP kwa zaka 6, ndipo ana amene ndinayamba nawo tsopano ena ali ku sekondale, ena ku koleji. Chimene chikundiwawa n'chakuti ndi ochepa amene ndimawaona pa Mgonero, ngakhale kuti tsiku limene ankafunsidwa ndi akulu a mpingo anayankha mafunso a Katekisma osaphonya. Inu amene munadutsa m'manja mwa aphunzitsi ndi alangizi, n'chiyani kwenikweni chimene chinatsala mwa inu?

Mayi wa Chigwirizano, Dedza

Aphunzitsi, musataye mtima msanga, chifukwa mawu a akulu akoma akagonera. Ine ndinakulira mu Sinodi ya Nkhoma, kumene atsikana akatha msinkhu amapita ku chilangizo cha mpingo m'malo mwa chinamwali cha kumudzi, ndipo kunena zoona, zambiri zimene alangizi athu anatiuza masiku amenewo ndinaziiwala. Chimene sindinaiwale ndi usiku umene mayi anga anamwalira, ine ndili Sitandade 7. Mayi mmodzi mwa alangiziwo anagona m'siwa, ndipo anthu atayamba kusinza anandikokera pamphasa yawo, nasendeza koloboyi pafupi, n'kundiwerengera Salimo 23 m'Buku Lopatulika lothothoka chikuto limene ankalikulunga m'kansalu. Maliro atatha sanaleke kubwera. Ankandipeza ndikusinja, iwo n'kutenga musi wina, tikucheza.

Nditakwatiwa n'kupita ku Blantyre ndinakhala zaka zambiri osaponda m'tchalitchi, ndipo alangizi aja akanandiona nthawi imeneyo akanati ntchito yawo inapita pachabe. Koma mwana wanga woyamba atagonekedwa m'chipatala ndi malungo, pemphero limene linatuluka m'kamwa mwanga linali lija ankapemphera iwo, mpaka kaimidwe ka mawu komwe. Alangiziwo anamwalira osadziwa kuti ndinabwerera kutchalitchi.

Mbale wanu wa ku Johannesburg

Ndikugwirizana ndi amayi, koma ndionjezepo chimodzi. Kwa ine amene anandiumba ndi mphunzitsi wa masamu amene ankayang'anira SCOM, bungwe la ophunzira Achikhristu, pasukulu yathu yogonera komweko. Bungweli linayamba mu 1961, ndipo mphamvu yake ndi yakuti ophunzira amatsogolera okha mapemphero. Bamboyo sankalalikira kawirikawiri. Ankatipatsa vesi Lolemba kuti tikalalikire Loweruka, iye n'kukhala pabenchi ya kumbuyo, ndipo pambuyo pake ankakuitanira pambali kukuonetsa pamene wapotoza Mawu. Lero ndimatsogolera mapemphero a Amalawi anzanga kuno, anthu otopa ndi maganyu amene sapeza mpata wopita kutchalitchi, ndipo ndimachita monga ankachitira iye. Choncho, aphunzitsi, apatseni anawo ntchito yoti agwire asanachoke m'manja mwanu, monga Paulo analangizira pa 2 Timoteo 2:2.

Katekisiti wopuma, Zomba

Ine ndine Mkatolika, koma vuto ili n'lathu tonse, ndipo ndikufuna kuchenjezapo pang'ono. Chikoka cha mlangizi chimakhalitsadi, komatu chimakhalitsa ngakhale pamene chavulaza. Ndinaona ndi maso anga gulu la achinyamata limene linkazungulira mtsogoleri mmodzi waluso pa kuimba ndi kulankhula, ndipo iyeyo atagwidwa ndi mlandu wa ndalama za kwaya, gulu lonse linabalalika, ena mpaka lero safuna kumva za Mulungu. Iwo anali atamangirira chikhulupiriro chawo pa munthu.

N'chifukwa chake ndimayamikira nzeru ya miphakati (timagulu ta Akhristu oyandikana nyumba), imene maepiskopi a chigawo chino cha Africa anailimbikitsa m'zaka za m'ma 1970, pakuti kumeneko mwana amaona Akhristu ambiri akupemphera m'makomo mwawo, akuzonda odwala ndi kuthandiza pa maliro, ndipo mmodzi akagwa ena amakhala ali chiimire. Ngakhale Timoteo, Paulo asanamutenge, anali ataumbidwa kale ndi agogo ake a Loisi ndi mayi ake a Yunike. Funso langa kwa inu, aphunzitsi, ndi ili: kodi makomo a anawo mumawadziwa, ndipo makolo awo munakhalapo nawo pansi?

Mphunzitsi wa kalasi, Area 25, Lilongwe

Bambo katekisiti, funso lanu landigwira pamtima, chifukwa mwa ana 23 a chaka choyamba ndinafikako kwawo kwa anayi okha. Mayina awo onse ndikadali nawo m'kope limene ndinkaitanira. Loweruka likubwerali ndiyamba ndi mnyamata wina wa ku Mgona amene ndamva kuti anasiya sukulu bambo ake atamwalira, ndipo ndapempha mkulu wa mpingo wa dera lathu kuti tipitire limodzi.