Tiwathokoze bwanji a lekichara athu a Biology?

Mwana wa ku Domasi:
Abale ndigawireniko nzeru. Mayi amene anandisupavaiza pulojekiti ya fourth year akupuma pa ntchito chaka chino, ndiye ife ma student awo akale tikufuna tiwachitire kanthu koma osati zija za kapu ndi chitenje basi. Mayiwa ankatinyamula pa galimoto yawo, mafuta ogula okha, mpaka ku Kachulu kukayeza matemba ndi makumba a m'nyanja ya Chilwa, ndipo mpaka lero ndimawaona atavula nsapato ali m'matope rula ili m'manja akundionetsa poyambira kuyeza nsomba. Draft yanga inabwerera kanayi ili psuu ndi bolopeni. Munthu wotere mumamulemekeza bwanji?

Achimwene a ku Lunzu:
Nkhani imeneyi imandiwawa heavy. Pokweza anthu ku yunivesite amayang'ana kwambiri ma paper amene watulutsa, koma maola amene wakhala ndi mwana pa microscope sawerenga aliyense. Lembani kalata kwa a Dean, musayine nonse, aliyense anene komwe ali pano ndi chomwe anaphunzira kwa mayiwo. Ikhale mu fayilo.

NaBanda:
Achimwene mwanena zoona koma ine zomavota kuti best lecturer ndimazikayika, ana amasankha amene amapatsa ma marks osavuta. Wabwino weniweni umamudziwa patapita zaka. Wanga anandikhazika masabata awiri ku National Herbarium ku Zomba kufananiza masamba ouma aja omata pa mapepala, ndinkadandaula zedi, koma paper itatuluka anayika dzina langa patsogolo lake pambuyo. Ndi angati amatero?

Che Jafali:
Achemwali, sonkhani ndalama mutsegule kathumba m'dzina lawo kolipirira transport ya mwana mmodzi wa fourth year chaka chilichonse. Chomwe chimapha ma pulojekiti ndi ulendo wa ku field, ana amangothera kufunsa anzawo mafunso pa campus pomwepo. Ndipo Chilwa ikufunika anthu oyiyang'anira, nyanja yosaya yopanda mtsinje wotulukamo, inauma 1968, inaumanso 1995, ndipo ili pa Ramsar, mndandanda wa madambo ofunika kutetezedwa pa dziko lonse, kuyambira 1997.

Mwana wa ku Domasi:
Che Jafali mwandikhudza. Ndaponya kale pa gulupu yathu ya WhatsApp, kalata ija tilembanso. Koma chitenje chokha anzanga akana kuchichotsa, akuti mayi sangapite chimanjamanja.