Kodi ndisankhe mtundu uti wa projekiti mu Visual Studio polemba pulogalamu ya holoselo?

Wongoyamba_kumene:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndapatsidwa ntchito yolemba pulogalamu yowerengera katundu ndi kutulutsa malisiti pa holoselo ina, koma ndikatsegula Visual Studio, pulogalamu ya Microsoft yolemberamo makodi, pamabwera mndandanda wautali: Console App, Class Library, Windows Forms App, ASP.NET Core Web API ndi ina yambiri. Kodi zonse zingakwane mu projekiti imodzi, kapena ndiyenera kugawa?

Gogo_wa_makodi:
Zikhoza kukwana, achimwene, koma mudzanong'oneza bondo. Solution, fayilo ija yothera ndi .sln, ndi thumba chabe losungiramo maprojekiti angapo, ndipo projekiti iliyonse ya chilankhulo cha makodi cha C# imakhala ndi fayilo yakeyake ya .csproj. Malamulo a bizinesi, monga kawerengedwe ka VAT ndi kuchotsera mtengo kwa oguliratu zambiri, muwaike mu Class Library, imene siyenda payokha koma imatulutsa fayilo ya .dll yoti maprojekiti ena aziitana. Ineyo ndinapunthwa pomwepa: masamu onse a msonkho ndinawalemba kuseri kwa batani losindikizira lisiti mu Windows Forms, projekiti ija ya mawindo ndi mabatani ooneka pa kompyuta, ndipo tsiku limene eni sitolo anafuna kumaona malonda pa foni, ndinatha milungu iwiri ndikusolola masamuwo mzere ndi mzere, tiyi akuzizirira pambali.

Mayi_wa_maseva:
Ndiwonjezepo kamsampha kena. Windows Forms App imaoneka kawiri pa mndandandawo, ndipo imene ili ndi mawu akuti .NET Framework kumapeto ndi ya dongosolo lakale lija linaima pa 4.8.1. Pa ntchito yatsopano sankhani inayo, yoyendera .NET yamakono monga .NET 8 imene inatuluka mu 2023. Dziwaninso kuti Windows Forms imafuna Windows basi, pomwe Web API, imene imalola mafoni ndi makompyuta ena kulumikizana ndi pulogalamu yanu kudzera pa netiweki, imayenda ngakhale pa seva ya Linux.

Kalaliki_wakale:
Zonsezo ndi zoona, koma tisamusenzetse mtolo woposa msinkhu wake. Ngati kompyuta ndi imodzi yokha pa kauntala, Web API ikhoza kudikira. Maprojekiti atatu ndi okwanira: Class Library, Windows Forms, ndi projekiti yoyesera ya xUnit yotsimikizira kuti masamu a lisiti sakuphonya ngakhale tambala imodzi.

Wongoyamba_kumene:
Zikomo kwambiri nonse. Eni ake akuti chaka chamawa atsegula nthambi yachiwiri, choncho ndiyamba ndi atatuwo, ndipo Web API ndidzaionjezera mu solution yomweyo nthambiyo ikadzatsegulidwa.