Ulendo woyamba pa sitima yapamadzi ndi ana anayi: tikonzekere bwanji?

Mayi wa Atatu:

Moni nonse. Ine ndi bambo akunyumba tagwirizana kuti tchuthi chikubwerachi tikakwere sitima yapamadzi, zija zikuluzikulu zimene anthu amagonamo, kudyeramo, n'kumatsika m'madoko osiyanasiyana kukaona malo. Tonsefe sitinakwerepo, ndipo ndikamawerenga za ulendowu mutu ukungoima.

Ana athu ndi awa: mtsikana wa zaka 11, mnyamata wa zaka 6 amene sakhazikika ngakhale pang'ono, ndi mzime wa zaka ziwiri ndi theka amene akadavala matewera. Tikufuna kutenganso mwana wamkazi wa achemwali anga, wa zaka 12, kuti wamkuluyu apeze mnzake. Ndiye tonse tikhala anthu 6.

Ndalama sitinaperekebe, tikadayerekeza makampani. Chimene chikundisowetsa tulo ndi mnyamatayu. Amakwera chilichonse chimene wachiona, ndiye ndikaganiza zoti madzi adzakhala mbali zonse, mtima umangoti myuu. Chinanso, mtsikana wamkuluyu amasanza m'galimoto tikayenda mtunda wautali, nanga pamadzi zidzatha bwanji? Bambo akewo akuti musitimamo muli malo osiyako ana tsiku lonse, ife n'kumapuma. Zoona zimenezi? Amene munapitapo ndi ana, chonde ndiuzeni zimene otsatsa malondawa sanena.

Make Mapasa:

Amayi, mwaika mtima pa mnyamata, koma amene adzalamule ulendo wonsewu ndi mzimeyo. Musanalipire kalikonse yambani ndi iye.

Zimene akunena bambowo ndi zoona mbali imodzi. Kalabu ya ana iliko, masana salipiritsa, ndipo ana amaikonda moti mapasa anga ankalira ndikabwera kudzawatenga. Koma sitima zambiri zimalandira ana oyambira zaka 3, komanso amene amatha kupita okha kuchimbudzi. Ogwira ntchito mmenemo sasintha thewera. Sitima zina zili ndi chipinda chosamalira makanda osakwana zaka 3, koma nthawi zambiri mumalipira pa ola, ndipo malo amakhala ochepa, amatha tsiku loyamba lomwelo. Zina zimangokhala ndi chipinda cha zidole chimene kholo limayenera kukhala limodzi ndi mwana. Ndiye funsani za sitima yeniyeniyo imene mukufuna kukwera, osati za kampani chabe, chifukwa sitima ziwiri za kampani imodzi zimasiyana.

Nkhani inanso ndi ya dziwe losambira. Mwana wovala thewera salowa m'dziwe, ngakhale litakhala thewera losambirira lija. Si nkhanza ayi, ndi lamulo la zaumoyo: mwana mmodzi akadzithandizira m'madzimo, dziwe lonse amalitseka, kukhetsa madzi ndi kulitsuka. Sitima zina zatsopano zinamangidwa ndi kamalo kosaya ka makanda, kokhala ndi makina akeake oyeretsera madzi. Ngati sitima yanu ilibe, dziwiranitu kuti mzimeyo azidzaonerera akulu ake akusambira, ndipo mwana wa msinkhu umenewo mukumudziwa nokha mmene amachitira akamanidwa. Ine ndikanakhala inu, ndikanasankha sitima yokhala ndi kamalo kameneka, kapena ndikanakankhira ulendo kutsogolo mpaka atakwanitsa zaka 3 n'kusiya matewera. Miyezi yochepa yokhayo imasintha ulendo wonse.

Za zipinda: zambiri zimagona anthu osapitirira 4, ndipo khanda amaliwerenga ngati munthu wathunthu, chifukwa chiwerengero cha okwera chimayendera malo a m'maboti opulumukira. Inu 6 mufunika zipinda ziwiri. Pemphani zogundizana zokhala ndi chitseko pakati, ndipo musachedwe, zimatha msanga nthawi ya tchuthi cha sukulu. Mabedi ena amatsika kuchokera kudenga kapena kukhoma, amenewo agone atsikana akuluakuluwo, osati mnyamata wanu wokwerakwerayo. Kabedi ka khanda amapereka, koma muitanitsiretu. Zipinda zambiri zili ndi shawa yokha, bafa losambiramo mulibe, ndiye ngati mzime amaopa madzi ogwa kuchokera kumwamba, tengani kabafa kopopa.

Tsiku lokwera, masutikesi mumapereka padoko, ndipo amafika pakhomo la chipinda patapita maola, mwina mpaka madzulo. Muzisunga kachikwama kamodzi m'manja: mapasipoti, mankhwala, matewera okwanira tsiku lonse, zovala zosinthira za ang'onoang'ono, zosambirira, zipewa, mafuta oteteza khungu ku dzuwa, ndi chidole chimene mzime sagona popanda icho. Matewera a ulendo wonse mugulire kumtunda. Musitima mwina osapezeka, kapena kupezeka saizi ina. Usiku womaliza zimachitikanso chimodzimodzi: masutikesi mumaika panja pa chitseko musanagone, ndiye siyani zovala zoti ana adzavale m'mawa.

Ngati kukafika kudoko mukuyenera kukwera ndege, kafikeni dzulo lake, mugone mumzindamo. Ndege ikachedwa, sitima sidikira munthu.

Chomaliza kwa ine, pali phunziro la chitetezo limene aliyense amayenera kuchita sitima isananyamuke kapena ikangonyamuka, ana omwe. Kale lamulo linkalola kuti lichitike m'kati mwa maola 24, koma linakhwimitsidwa pambuyo pa ngozi ya Costa Concordia, imene inagunda thanthwe pafupi ndi chilumba cha Giglio ku Italy pa 13 January 2012, anthu 32 n'kufa. Ena mwa amene anakwera tsiku lomwelo anali asanaphunzitsidwe kothawira. Masiku ano makampani ambiri amakuonetsani kanema pafoni kapena pa TV ya m'chipinda, kenako mumapita nokha kukaona malo anu osonkhanirapo. Musangothamangira kuti zithe. Yendani njirayo ndi ana, muwauze kuti belu la ngozi limalira kasanu n'kawiri mofupikitsa kenako kamodzi motalikitsa. Ana aang'ono amawamanga kachingwe padzanja kolembedwa malo awo osonkhanirapo, ndipo savula mpaka ulendo utatha. Belu likalira mwana ali kukalabu, ogwira ntchito ndi amene amabwera naye kumaloko, inu simuthamangira kukamusaka. Funsaninso woyang'anira chipinda chanu akubweretsereni majekete oyandamitsa a saizi ya ana.

Bambo Wosunga Thumba:

Make Mapasa anena zambiri, ine ndingogwirapo pa ndalama, chifukwa ndi pamene anthu amalirira tsiku lotsika.

Mtengo umene mukuona pa intaneti si wonse. Makampani ambiri amawonjezera tsiku lililonse ndalama yothokozera ogwira ntchito, pa munthu aliyense, ndipo ambiri amawerengera ndi ana omwe. Chulukitsani ndi 6, kenako ndi masiku a ulendo, muone. Zakumwa zoziziritsa kukhosi, malo ena odyera, zithunzi zimene amakujambulani, maulendo a kumtunda, intaneti, zonsezi n'zapadera.

Musitima simugwira ndalama m'manja. Aliyense amapatsidwa khadi, imene ndi kiyi wa chipinda, chiphaso chotsikira ndi kukwerera, komanso chogulira. Khadi ya mwana nayo imagula! Atsikana awiriwo akapeza chipinda cha magemu, adzangogunditsa khadi pamakina osadziwa kuti ndi ndalama. Tsiku loyamba pitani kuofesi yothandiza alendo, muwauze atseke makhadi a ana kapena aike malire.

Mafoni onse, a ana omwe, muwaike pa airplane mode sitima ikangochoka padoko. Pakati pa nyanja foni imalumikizana ndi netiweki ya sitima yodzera pa setilaiti, ndipo mtengo wake ndi woopsa. WiFi mungathe kuyatsa payokha kuti muzigwiritsa ntchito pulogalamu ya pafoni ya sitimayo.

Simbi, ketulo, makandulo ndi ekisitenshoni zija zoteteza magetsi akachuluka, zisiyeni kunyumba, amalanda pachipata poopa moto. Chimene mungatenge ndi tizingwe kapena tizokolekera ta maginito. Makoma a zipinda ndi achitsulo, ndiye mumangomata n'kupachikapo zipewa ndi zovala zonyowa.

Namwino Wopuma:

Mwana wanga, za kusanza musade nkhawa kwambiri, koma musazitayirirenso. Ana a zaka zapakati pa 2 ndi 12 ndi amene chizungulire cha paulendo chimawagwira kwambiri, ndiye onse anayiwo muwaganizire, osati wamkulu yekhayo. Sitima zikuluzikulu zili ndi zipsepse zachitsulo pansi pa madzi zochepetsa kupendekeka, moti nyanja ikakhala bata ambiri samva kanthu. Sankhani chipinda chapakatikati pa sitima, m'nsanjika zam'munsi. Kutsogolo kwenikweni ndi pamwamba ndi kumene kumagwedezeka kwambiri. Nyanjanso zimasiyana: Bay of Biscay, kumadzulo kwa France, imadziwika ndi mafunde, ndipo ku Caribbean nyengo ya mphepo zamkuntho imayamba mu June mpaka November.

Mwana akayamba mseru, musamugoneke m'chipinda chopanda windo ali ndi foni m'manja. Tulukani naye panja apitidwe mphepo, aziyang'ana kutali kumene madzi akumana ndi thambo. Asakhale ndi njala, asakhutenso zamafuta. Mabisiketi ouma ndi jinja zimathandiza ena. Mankhwala alipo, koma kaonaneni ndi dokotala musananyamuke, chifukwa amayendera msinkhu. Ena amagonetsa, ena amapangitsa mwana kubalalika m'malo mogona, ndipo kachigamba komata kuseri kwa khutu kaja si ka ana aang'ono. Mankhwalawa amagwira bwino akamwedwa chizungulire chisanayambe.

Chimene ine ndimaopa kuposa mafunde ndi kachilombo ka norovirus, kotsegula m'mimba ndi kusanzitsa. Kamafala msanga pamene anthu ambiri akugwira zitsulo za masitepe, mabatani a chikepe ndi zipande zomwezomwezo. Mankhwala opaka m'manja aja sakapha bwinobwino. Sopo ndi madzi, masekondi 20, asanadye ndiponso akachoka kuchimbudzi. Mwana akadwala, uzani achipatala cha musitima msanga. Adzamuuza akhale m'chipinda tsiku limodzi kapena awiri, ndipo ndi bwino kutero kusiyana n'kubisa. Tengani mapaketi a ORS, mankhwala a kutentha thupi a ana ndi choyezera kutentha.

Chipatala chimenecho n'cholipira. Gulani inshuwalansi imene yalemba poyera kuti ikukhudza ulendo wa pasitima, kuphatikizapo kutsitsidwa kupita kuchipatala cha kumtunda. Ndipo pepani pofunsa, ngati pali woyembekezera pagulupo, makampani ambiri sakweza mayi amene adzakhale atafika masabata 24 ulendo usanathe.

Mayi wa Atatu:

Zikomo kwambiri nonse. Agogo, woyembekezera palibe, atatuwa andikwana! Za matewera ndi dziwe sindinkazidziwa n'komwe, ndawawerengera bambo akewo angoti kukamwa yasa. Mzime akwanitsa zaka 3 miyezi ingapo tchuthichi chitadutsa, ndiye tayamba kukambirana zodikira tchuthi chinacho.

Koma za mnyamatayu simunandiyankhe. Bambo akufuna chipinda chokhala ndi khonde loyang'ana kunyanja, ine ndikukana. Ndani akulakwa?

Bambo Wosunga Thumba:

Ine ndili mbali ya bambo anzanga. Zotchinga za m'mphepete mwa sitima ndi zazitali kupitirira mita imodzi, pakhonde nthawi zambiri ndi galasi lolimba lopanda popondera, ndipo chitseko chake n'cholemera, sitima zambiri chili ndi loko wapamwamba amene mwana safikira. Mwana sangagwe poyenda chabe. Ndipo mzime akagona masana kapena madzulo, inu mukhala kuti? M'chipinda chopanda khonde mudzangokhala mumdima n'kumanong'onezana.

Make Mapasa:

Abambo, zotchingazo n'zazitalidi, koma pakhondepo pamakhala mipando iwiri ndi katebulo. Mwana wa zaka 6 wokonda kukwera sasowa nzeru yokokera mpando. Amayi awa akumudziwa mwana wawo kuposa ife tonse, ndipo tchuthi chimene mayi akudzidzimuka usiku kukayesa loko si tchuthi.

Popeza mutenga zipinda ziwiri, funsani ngati zilipo zogundizana za windo losatseguka. Kuwala kumalowa, wamseru uja amaona kunja, ndipo n'zotsikirako mtengo. Bambo akafuna mphepo ya panyanja, pamwamba pa sitima malo ndi ambirimbiri. Ngati akakamirabe khonde, lamulo likhale limodzi: mwana satuluka popanda wamkulu, ndipo mipando isayandikire galasi. Dziwe losambira ndi limene muyenera kuliyang'anitsitsa kwambiri. Si sitima zonse zili ndi olondera osambira, ndipo ngakhale alipo, ana amakhala ambiri. Wamkulu mmodzi azikhala maso pa mnyamatayo nthawi yonse imene ali m'madzi, foni ili m'chikwama.

Ndinaiwala za mwana wa achemwali anuyo. Popeza makolo ake sakwera nawo, adzafunika kalata yochokera kwa makolowo yokulolani kuyenda naye ndi kumusainira chithandizo cha kuchipatala, yodindidwa ndi wovomerezeka mwalamulo. Onjezeranipo satifiketi yake ya kubadwa ndi makope a ziphaso za makolo ake. Makampani ena ali ndi fomu yawoyawo, ipempheni. Mapasipoti onse akhale ndi miyezi 6 yotsala kuchokera tsiku lomaliza ulendo, ndipo a ana muwayang'ane kawiri chifukwa m'mayiko ambiri amatha msanga kuposa a akuluakulu. Za viza, fufuzani dziko lililonse limene sitima idzaime, ngakhale kumene simukufuna kutsika, chifukwa chikalata chimodzi chikasowa amakubwezerani padoko.

Mukadzatsika kukaona malo, yenderani nthawi ya sitima, osati ya pafoni, popeza foni imasintha yokha ikalowa dziko lina. Nthawi yoti onse akhale atakwera amailemba potulukira, ijambuleni. Ulendo wa kumtunda wogula kudzera kusitima ukachedwa amakudikirani, koma mukapita panokha n'kuchedwa, mudzadzilipirira kukaipeza padoko lotsatira. Madoko ena sitima imaima patali, anthu n'kumapita kumtunda pa timaboti, ndiye kangolo kokankhira mwana kakhale kopepuka, kopindika ndi dzanja limodzi.