Mwana akutentha thupi nkhupakupa itamuluma, thandizeni nzeru

Moni nonse a pagulu pano. Ndili ku Tsangano, Ntcheu, ndipo ndathedwa nzeru.

Mnyamata wanga amene amadyetsa ng'ombe kudambo akutentha thupi, mutu ukumuwawa komanso watuluka mwanabere. Sabata yatha tinamuchotsa nkhupakupa kuseri kwa bondo, pano pamalopo pali kachilonda ka nkhanambo yakuda bii, kofiira m'mbali mwake.

Kuchipatala anamuyeza malungo koma sanawapeze, anangotipatsa Panado. Thupi limazizira pang'ono, usiku n'kuyambiranso. Ng'ombezo tazipopera mankhwala, koma nkhupakupa zamawangamawanga zija zikadali kubere ndi pansi pa mchira, agalu nawonso ali nazo m'makutu. Dibi yakwathu kuno inasiya kalekale kugwira ntchito, zomwe zimandipweteka mtima.

Ndamva kuti nkhupakupa zoterezi zimanyamula kachilombo ka Rickettsia africae, zimapatsirana kudzera m'mazira, ndipo zing'onozing'ono zobisala mu udzu ndi zimene zimaluma anthu. Akuti mankhwala ake ndi doxycycline, koma sindikufuna kugula pagolosale dokotala asanamuone.

Azaumoyo muli pano, ndikanene chiyani kuti akamuyeze za nkhupakupazi? Nanga alangizi a ziweto, tizipopera kangati nyengo ya dzinja ino kuti ana enawa asadwale?