Za nangula uja ku Salcombe: tabwerako

Mwezi wathawu ndinafunsa ngati boti lathu la matanga la mamita 10 tingaliponyere nangula mu doko la Salcombe ku Devon, m'dziko la England, mu Ogasiti, nthawi imene maboti a alendo amadzaza thoo. Zikomo nonse amene munayankha.

Tinatsata malangizo anu. Tinadutsa pamchenga wa pakhomo pa doko, umene amautcha The Bar, madzi akukwera, osati akuphwa, ndipo tinaitana a doko pa wailesi ya VHF yolankhulirana panyanja, tchanelo 14. Tinaponya nangula pamchenga, kutali ndi udzu wa m'nyanja umene amauteteza.

Chimene sindinaganizire bwino ndi kutembenuka kwa madzi, pamene asiya kukwera n'kuyamba kuphwa, kapena asiya kuphwa n'kuyamba kukwera. Tinamasula tcheni chotalika kanayi kuya kwa madzi akadzaza, koma cha m'ma 2 koloko usiku madzi atatembenuka, boti lathu linazungulira, boti loyandikana nafe, lomangidwa mofupikitsa, osazungulira mofanana. Ndinadzuka chifukwa cha kulira kwa tcheni, n'kupeza mabotiwo atsala pang'ono kugundana, ndikukankha ndi manja, tochi ili kukamwa.

Mmawa wake tinasamukira cha kumtunda kwa dokolo kumene kunali malo otakasuka, ndipo usiku wachiwiri tinagona tulo tabwino.